Chibayo cha M'makola Awiri

Amene anagwira nawo ntchito pa famu ya kampani amanena kuti Akapitawo ankaidziwa nkhumba yodwala asanaione. Ankaima pakhomo la khola m'mawa, mutu atapendeketsa ngati munthu womvera wailesi yotha mabatire, kenako n'kuloza pakona. "Iyo yatsokomola mouma. Ipatuleni." Antchito akapita ankaipezadi itagona payokha, chakudya itachisiya.

Pa famupo analowa ali mnyamata wotunga madzi ndi kukankha wilibala ya ndowe, ndipo anatulukapo imvi zili mbuu. Ukapitawo unatha tsiku limene anapuma ntchito, koma dzina linawakakamira. Ogulitsa madeya ankawatcha Akapitawo, ana a mumsewu mwawo chimodzimodzi, ndipo malemu akazi awo ankawatcha choncho akakwiya.

Moyo wawo wonse unayenda pa malamulo awiri. Loyamba linali lakuti munthu wochokera m'khola lina salowa m'khola lina asanasambe, kusintha ovololo ndi kuponda m'beseni la mankhwala limene linkakhala pakhomo. Lachiwiri linali lakuti nkhumba yachilendo imakhala payokha milungu ingapo isanaonane mphuno ndi zinzake, kaya yanenepa bwanji. Ukawafunsa chifukwa ankangoti, "Tsoka silinunkha." Pa malamulo amenewa panalibe mbale. Akazi awo omwe, akabweretsa chakudya cha masana ku famu, ankaponda m'besenimo ndi nsapato zawo zabwino, akung'ung'udza kuti anakwatiwa ndi munthu wokonda nkhumba kuposa anthu.

Sizinali zoona, koma Akapitawo sanali munthu wodziwa kutsutsa nkhani zotere ndi pakamwa. Akazi awowo atamwalira, anawasiyira mwana mmodzi, mtsikana wa sitandade yachitatu. Bambo amene zala zawo zinazolowera chingwe ndi fosholo anaphunzira kuluka tsitsi. Mizere yake inkakhota ngati njira ya woledzera, ndipo mtsikanayo ankapita kusukulu atavala chipewa, koma kunyumba sankadandaula. Kuyambira nthawi imeneyo anayamba kumuitana kuti "mayi", chifukwa ankati nyumba yopanda mayi si nyumba. Anzake kusukulu anali ndi dzina lina lomutcha, lochokera ku fungo la ovololo ya bambo ake, ndipo iye analumbira akulira kuti akadzakula nkhumba sadzaiyandikira, ngakhale ya pachithunzi.

Atapuma ntchito, Akapitawo anamanga khola lawo kuseri kwa nyumba, laling'ono koma laukhondo kuposa makhitchini ena. Mwanayo anakula, nakwatiwa ndi mnyamata wowotcherera zitsulo, munthu wofatsa, wa maso ofiira ndi moto wa ntchito yake, amene ankayankha mafunso ambiri ndi kumwetulira. Anakakhala kumapeto kwa msewu womwewo, kupitirira chigayo. Ntchito ya zitsulo itayamba kusowa, tsiku lina mwanayo anabwera, nakhala pakhonde, nayankhula za mvula, za mutu umene unkamupweteka, za zonse zopanda mutu, kenako n'kunena akuyang'ana pansi.

"Bambo, mundiphunzitse nkhumba."

Akapitawo anadzuka n'kulowa m'chipinda chosungira madeya, ati kukafuna chingwe. Chingwecho chinali m'thumba mwawo. Anaima mumdimamo mpaka nkhope itakhazikika, chifukwa sankafuna kuti mwana awaone akulira ndi chimwemwe pa nkhani ya nkhumba.

Khola analimanga atatu. Akapitawo ankayeza kutsetsereka kwa simenti kuti madzi asamadikhe, mwana wawo ankatunga madzi, ndipo mkamwini anawotcherera zitseko zolimba zoti ukanaika pa banki. Akapitawo anawapatsa nkhumba zazikazi ziwiri zimene anazisankha okha, ndi beseni latsopano la pakhomo. Zinaswa bwino. Pofika chaka chachiwiri kholalo linali litadzaza, ndipo mtsikana amene analumbira uja ankadziwa kudula mano a tiana ndi kumva bere ndi dzanja. Nayenso anali woyembekezera.

Mkamwini, amene poyamba ankaziopa nkhumbazo, anazikonda mochedwa koma mwamphamvu, monga amachitira anthu ofatsa. Tsiku lina anabwera kuchokera kumsika ndi kankhumba kakakazi koyera atakamanga panjinga, mphatso ya mkazi wake. Akapitawo atabwera kudzacheza anakapeza kali m'gulu la zinzake.

"Munakapatula kaye, apongozi?"

"Masiku angapo, bambo. Kanali kulira kokha, ndiye ndinakamvera chisoni."

Akanakhala wantchito wa pa famu, akanamva mawu. Koma mnyamatayo anali ataima pamenepo mano onse ali panja, ndipo Akapitawo anameza zimene zinali pakamwa n'kuyamikira msana wa kankhumbako.

Nyengo yozizira itayamba, zazikazi zija zinafuna yamphongo. Akapitawo anali nayo yawo, yaikulu ngati tebulo, yaulesi, yosadwalapo. Mwalamulo lawo lomwe inayenera kukhala payokha kaye. Koma kholalo linali la mwana wawo, nkhumbazo zinali zochokera kwa iwo omwe, ndipo nkhumba ikafuna yamphongo siidikira. Anaiyendetsa mumsewu ndi thabwa m'manja, ana akuwatsatira ndi kuseka, n'kuilowetsa tsiku lomwelo.

M'mawa mwake anaima pakhomo la khola lawo monga mwa masiku onse, ndipo anamva. Chifuwa chouma, chachifupi, kuchokera kwa imodzi mwa zapakati. Kenako ina inayankha. Zawozo sizinafe, zinangotsokomola ndi kuchedwa kukula. Koma sabata isanathe bwino, kwa mwana wawo kunayamba zoopsa. Nkhumba zinkakhala chokhala ngati galu, pakamwa yasa, zikukoka mpweya ndi mimba yonse. Ina inkadya madzulo, m'mawa n'kuipeza yauma, thovu lofiirira lili pamphuno. Zinafa zambiri, ndi kankhumba koyera kaja komwe.

Dokotala wa ziweto amene anabwera anali mtsikana wamng'ono thupi, wa majombo aakulu kuposa miyendo yake. Anang'amba imodzi mwa zakufazo kuseri kwa khola, naonetsa mapapo akuda, olimba, omatirira ku nthiti. Anati ndi chibayo, nabaya jakisoni zotsalazo. Kenako anadula kachidutswa ka phapo n'kukaika m'kabotolo, ndipo anapempha kuti apitenso kwa Akapitawo. Kumeneko analowetsa timitengo tokhala ndi thonje kunsonga m'mphuno ndi kukhosi kwa nkhumba zawo, ndi yamphongo ija yomwe, imene inali itabwerera ndipo inakuwa mpaka agalu a mumsewu wonse anayankha. Anafotokoza kuti ali m'gulu la anthu ofufuza tizilombo ta chibayo cha nkhumba m'makola ambiri, ndipo zimene watengazo zipita kutali kukayezedwa. Zotsatira zidzachedwa.

Akapitawo sanafune zotsatira za munthu. Mlandu anali ataweruza kale, woweruza ali okha, wolakwa ali okha. Chifuwa chinayambira kwa iwo, yamphongo inachokera kwa iwo, ndipo amene anaswa lamulo ndi amene analipanga. Chakudya cha mwana wawo ndi cha mdzukulu wosabadwa anachikwirira m'dzenje ndi manja awo.

Ndiye anachita chinthu chokhacho chimene ankachidziwa. Anadzipatula.

Tsiku lotsatira anafika pageti la mwana wawo n'kuima panja. Mwanayo anatsegula, iwo n'kubwerera m'mbuyo.

"Lowani, bambo."

"Ayi, mayi. Zanga zikutsokomolabe. Zatsala kwa iwezo zisaonenso zina."

"Ndiye mukasambe, musinthe zovala. Si mmene munatiphunzitsira?"

"Matenda awa ndi ena. Nawenso kwathu usabwere."

Kunena zoona, lamulolo linali chofunda chabe. Chimene chinkawaimitsa panja chinali manyazi. Sakanatha kukhala pampando wa m'nyumba imeneyo, kulandira kapu ya tiyi m'manja mwa mwana amene anamusaukitsa, ndi kuyang'ana kudzera pawindo zitseko zokongola zija zikutsekera makola opanda kanthu. Koma munthu amene wakhala kapitawo zaka zambiri sanena kuti ndikuchita manyazi. Amanena kuti ndi lamulo.

Mdzukulu anabadwa, wamkazi. Akapitawo anapita kuchipatala atavala jekete, naima kumapazi kwa bedi manja ali kumbuyo, nayang'ana kankhope kofiirako nthawi yaitali. Anamwino atati amunyamule, iwo anati manja awo ndi okhakhala. Kenako zinakhala choncho miyezi. Ankabwera pafupifupi tsiku lililonse ndi kanthu, kaya nthochi, kaya sopo, kaya kachipewa kakang'ono kuposa mutu wa mwana, n'kupachika jumbo pachitsulo cha geti. Mwana wawo ankabwera ndi khandalo n'kulikweza pamwamba pa geti kuti alilandire.

"Manja awa achokera m'khola," ankatero Akapitawo.

"Mwanayu si nkhumba, bambo."

"Ndikudziwa, mayi. Mukulitse kaye."

Poyamba mwana wawoyo ankakakamira. Kenako anasiya, ndipo ankangoima mbali yake ya geti n'kuyankha mafunso. Inde, akuyamwa. Inde, zotsala zija zikudya. Mkamwini ankapereka moni chapatali n'kubwerera kuseri kwa nyumba. Akapitawo ankaona kuti mnyamatayo waonda ndipo sakumwetuliranso, ndipo ankati n'chifukwa cha iwo. Pobwerera kwawo ankadutsa pachigayo osayankha moni, anthu n'kumati ukalamba wawalowa m'makutu.

Dokotala uja anabweranso mdzukulu atayamba kukhala pansi yekha. Anawapeza Akapitawo akutsuka modyera nkhumba, naponda m'beseni osauzidwa, nakhala pa ndowa yovundikira.

"Zotsatira zija zabwera, bambo. Ndayamba ndi kuno."

"Nenani, adokotala. Ndikuzidziwa kale."

"Mwina ayi. Ndikufunseni kaye. Nkhumba zanuzi ndi za anzanu a kutsidya kwa msewu, zonse ndi nkhumba. Koma atazisakaniza, zanu mungazidziwe?"

"Ndingalephere bwanji? Zangazi makutu ake ndi ogwa, misana yaitali. Agogo ake ndinawalera ndine."

"Tizilombo tija nato tili choncho. Dzina ndi limodzi, matenda ndi amodzi, chibayo. Koma tili ndi mabanja ambirimbiri. Ndi maso sungasiyanitse, ngakhale pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono timafanana. Koma kachilombo kalikonse kali ndi zolembedwa m'kati mwake zimene kanatengera kwa makolo ake, ndipo ku labotale amatha kuziwerenga. Akawerenga amadziwa kuti aka ndi aka ndi pachibale, aka ndi kachilendo. M'makola amene tinayendamo tapeza mabanja ochuluka kuposa mmene tinkaganizira. Ena ndi ofatsa, amangotsokomoletsa. Ena ndi olusa."

Akapitawo anaika burashi pansi.

"M'khola mwanu muno tapeza mabanja awiri, onse ofatsa. Mwina akhalamo zaka, amangodzuka kukazizira. M'phapo lija la kwa mwana wanu munali banja lina, lolusa, losiyana kwambiri ndi anu awiriwa. M'nkhumba zanu zonse zimene tinayeza mulibe. Mwa yamphongo ija mulibenso."

"Koma chifuwa chinayambira kuno."

"Chanu chinayambira kuno. Cha uko ndi china. Zinangokumana nyengo imodzi, chifukwa kuzizira kunali kumodzi."

"Mukunena kuti si ine?"

"Ndikunena zimene tayeza. Banja limene linapha nkhumba zija sitinalipeze kwa inu. Yamphongo yanuyo ndi yamwayi kuti sinabwere nalo kuno."

Munthu akasenza thumba mtunda wautali, ukamutula sayenda bwino nthawi yomweyo. Akapitawo anakhala pansi pa simenti yonyowa osazindikira. Anafuna kuseka, anafuna kukwiya, ndipo koposa zonse anamva chisoni ndi miyezi imene inapita. Kenako maganizo awo, amene anazolowera kutsata nkhumba iliyonse kumene inachokera, anayenda okha mpaka anakaima pa kankhumba koyera kali panjinga. Anakumbukira mano aja ali panja, ndi mmene mnyamatayo ankathawira kuseri kwa nyumba masiku ano.

"Ndiye linachokera kuti, adokotala?"

"Sindikudziwa. Banja lomwelo talipeza m'makola angapo akutali ndi kuno. Limayenda ndi nkhumba zogulitsidwa zooneka zathanzi, limayenda ndi magalimoto onyamula ziweto. Kuti ndiloze chala pa chimodzi, ndinganame."

"Kankhumba kena kanafa kaja simunakayeze?"

"Ndinayeza imodzi yokha, yaikulu ija."

"Chabwino," anatero Akapitawo. "Uko ndikanena ndekha. Inu mudzabwere mawa kudzafotokoza za katemera ndi zina zanuzo."

Anasamba, nasintha zovala, nayenda msewu uja dzuwa likupendeka. Jumbo sanatenge. Atafika pageti dzanja linafuna kugogoda, koma analowetsa chala n'kukoka chotsekera chimene mkamwini anawotcherera, chimene chinatseguka mosalira n'komwe.

Mwana wawo anali pakhonde akupinda matewera, khanda lili pamphasa likumenya supuni pansi. Atawaona ali m'kati mwa mpanda sanadzuke. Anangogwira thewera pachifuwa. Mkamwini anatulukira pakona ya nyumba ndi ndowa m'manja, naima pomwepo.

Akapitawo anakhala pa sitepe ya khonde n'kufotokoza zonse monga anazimvera, za mabanja ofatsa ndi banja lolusa, za makutu ogwa ndi misana yaitali. Anafotokoza bwino. Atamaliza, mkamwini anatula ndowa ija pang'onopang'ono.

"Bambo," anatero, mawu ali pansi, "ngati si yamphongo ija, ndiye kuti ndi kaja ndina…"

"Adokotala akuti sakudziwa," anamudula Akapitawo. "Anthu a makina awo sakudziwa, ndiye inu ndi ine tidziwa bwanji? Ine ndakhala miyezi yonseyi ndikudziwa, ndipo taonani kumene kudziwa kwangako kunandifikitsa. Madzi akatayika saoleka, apongozi. Mawa tiyamba kutsuka makola awo. Tiyambira kudenga, tipake laimu, ndipo mundiwotcherere kakhola kena kumapeto uko ka alendo."

Mnyamatayo anagwedeza mutu, napukuta nkhope ndi mkono wa malaya, nanyamula ndowa yake kubwerera kuseri. Sanafike patali. Anamveka akufwenthera paseri pa khoma.

Apo m'pamene mwana wawo anayankhula, osawayang'ana.

"Ndiye munkaima panja paja chifukwa mumati ndinu munazipha?"

"Nanga ukanati chiyani, mayi?"

"Ine ndimati mukundinyansidwa." Anapinda thewera lija kawiri, nalifunyululanso. "Ndimati mwaona kuti ndalephera. Munandipatsa nkhumba zabwino, munandiphunzitsa zonse, ine n'kuzipha chaka chachiwiri. Ndimati Akapitawo sangalowe pakhomo pa munthu wotere."

Pa zonse zimene Akapitawo anaziganiza m'miyezi imeneyo, ichi sichinawafikepo m'mutu. Ankayesa kuti akudzilanga okha, osadziwa kuti chikwapu chomwecho chinkafika tsidya lina la geti.

"Nkhumbazo ndinazilira masiku ochepa, bambo. Inu ndakulirani mpaka lero."

"Pepa, mayi," anatero. Anafunafuna mawu ena aakulu oyenera pamenepo, koma anapeza omwewo. "Pepa, mwana wanga."

Mwana wawoyo anapukuta maso ndi thewera loyera lija, naweramira pamphasa, nanyamula khanda n'kuliika pamiyendo pawo osafunsa. Linali lolemera kuposa mmene ankaganizira, lofunda, lonunkhira mkaka ndi sopo. Linawayang'ana ndevu, linawayang'ana maso, kenako mlomo wam'munsi unayamba kunjenjemera. Linakuwa ndi mphamvu zake zonse, manja litatambasulira kwa mayi ake.

"Sakukudziwani," anatero mwana wawo mofatsa. "Amakudziwani muli kuseri kwa zitsulo. Bweretsani ndimutonthoze."

"Musiye," anatero Akapitawo. "Ali ndi chifukwa."

Anamukweza paphewa, dzanja lawo lalikulu litaphimba msana wonse, nayamba kuyenda naye pabwalo, kuchoka pakhonde kukafika pa chingwe choyanikira zovala n'kubwerera. Mwanayo analira, nawamenya khutu, nawanyowetsa kolala, ndipo agogo akewo anayendabe naye mpaka kulirako kunasanduka kusisima, kamutu n'kugwera pakhosi pawo.